Tinalipira katswiri wa zamaganizo kuti awayeze achimwene atatuluka m'ndende

Ndikulembera mabanja amene ali ndi m'bale wotuluka m'ndende pa mlandu wogwirira mwana. Achimwene anga anagwira ukaidi ku Mukobeko, ku Kabwe (lamulo la kuno ku Zambia limapereka zaka zosachepera 15 pa mlanduwu), ndipo analandira uphungu ali komweko. Amayi ankangoti, "Mwana wanga anasintha, masiku ano ndi wopemphera." Koma pabwalo pathu ku Chawama, mu Lusaka, pali ana aakazi, anga ndi a anthu a lendi. Choncho tinapita nawo kwa mayi wina, katswiri wa zamaganizo, amene ali ndi ofesi yake m'tauni, kuti awayeze ngati angadzalakwirenso mwana.

Mtengo wake ndi wokwera, tinachita kusonkherana pachibale. Koma ntchito anaigwira. Sanadalire pakamwa pa achimwene ayi, anayamba waitanitsa mapepala a kukhoti. Kenako anagwiritsa ntchito Static-99R, mndandanda wa mafunso 10 woyezera chiopsezo choti munthu angabwerezenso mlandu wotere, wochokera pa umene Karl Hanson ndi David Thornton anakonza mu 1999. Umayang'ana zinthu zomwe sizingasinthenso: zaka za munthu potuluka m'ndende, milandu yakale, ngati wolakwiridwayo anali m'bale kapena mlendo, ngati munthuyo anakhalapo ndi mkazi m'nyumba zaka ziwiri. Wina ndi Stable-2007, wofufuza zomwe uphungu ungasinthe, monga anzake ocheza nawo, kupupuluma, kukonda kukhala ndi ana kuposa akuluakulu anzake, komanso ngati amamvera omuyang'anira. Mafunsowo ndi a Chingerezi, koma mayiyu ankawafunsa m'chilankhulo chathu, mosathamanga.

Chimene ndinamulemekezera kwambiri ndi chilungamo. Anatiuza mosabisa kuti ziwerengero za mayesowa zinachokera kwa akaidi a ku Canada, America ndi Europe, osati a ku Zambia. Anatinso Static-99R imawerenga milandu yokhayo imene inalembedwa m'mabuku a boma, pomwe kwathu kuno nkhani zambiri zimathera pakhomo, akuluakulu atakambirana n'kulipitsana. Apa anayang'ana amayi n'kufunsa, "Amayi, ilipo ina imene munaizimitsa pachibale?" Funsoli linali lowawa, koma ndi limene ine ndinkalifuna, chifukwa mwana wolakwiridwa amene sanafike ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, sapezeka papepala lililonse.

Mawu akuti "achira" sanawatchule, ngakhale amayi anayesetsa kumukoka. Anati pa chiopsezo chobwereza mlandu achimwene ali m'gulu la pakati, n'kutilembera zoyenera kuchita: asagone pakhomo pomwe pali ana, asatsale okha ndi mwana ngakhale kutchalitchi, asiye mowa, apitirize uphungu, ndipo adzayezedwenso.

Chimene sichinandisangalatse n'chakuti lipoti linachedwa, ndiponso linalembedwa m'Chingerezi chovuta, moti ndinachita kubwereranso kuti andimasulire. Mukapita, pemphani kufotokozeredwa pamaso, banja lonse lilipo, ndipo mutenge chikalata cha chigamulo cha khoti. Achimwene tinawapezera chipinda kwa amalume, komwe kulibe ana, ndipo amayi amakawaona konko.