Mnyamata wa ku Nchalo amene anajambula buku langa la ana

Ndaphunzitsa Sitandade 2 kuno ku Bangula kwa zaka zambiri, ndipo zithunzi za m'mabuku a ana zakhala zikundisowetsa mtendere. Mwana wa kuno akadzuka amaona malambe ndi migwalangwa, amadya nsima ya mapira ndi mlamba wowamba, amakwera bwato asanakwerepo basi. Koma akatsegula buku amapeza mapiri obiriwira ndi ana ovala majuzi. Choncho madzi a namondwe wa Freddy ataphwa mu 2023, pamene ndinalemba nkhani ya kamtsikana kopulumutsa mbuzi yake, ndinkafuna munthu woti ajambule chigwa chino mmene chilili. Ndikufotokoza za ntchito ya mnyamata amene ndinamupeza, kuti alembi anzanga adziwiretu chimene angayembekezere.

Amakhala ku Nchalo, alibe ofesi, sanalembedwe ntchito ndi aliyense. Mphunzitsi mnzanga ndiye anaona chikwangwani chimene mnyamatayu anapenta pa malo ometera tsitsi, n'kunditengera nambala. Amayamba ndi pensulo papepala, kenako mitundu amaikira pa kompyuta.

Tsiku loyamba kukumana anandidabwitsa. Sanayambe ndi kujambula. Anawerenga nkhani yonse mokweza, kawiri, kenako anati, "Amayi, apa mwalemba kuti mbuzi inali yoyera ya mawanga akuda, ndiponso kuti mtsikanayo anachita mantha. Mawu amenewa achoke. Chithunzi chinena chokha." Mtima unandipweteka pang'ono, pakuti ziganizo zimenezo ndinazivutikira usiku. Koma ankanena zoona. Buku la zithunzi silifuna kuti mawu abwereze zimene diso laona kale. Anatenga mapepala a A4, kuwapinda pakati, n'kupanga kabuku kongoyesera. Apa m'pamene ndinaphunzira kuti buku lomanga ndi sitepula masamba ake ayenera kugawika ndi 4, chifukwa pepala limodzi lopindidwa limapereka masamba anayi. Nkhani yanga inkathera pa 22, iye anaifutukula kufika pa 24.

Luso lake lenileni lili pa kutembenuza tsamba. Pali malo amene mtsikanayo akuona chinthu chakuda chikuyandama chikubwera kwa iye. Ine ndinalemba zonse m'ndime imodzi. Iye anaika chinthucho m'munsi mwa tsamba la kumanja, msana wokha ukuoneka, kuti mwana aganize kuti ndi ng'ona. Ukatembenuza, n'chipika cha mtengo, ndipo pa chipikapo ndi pamene mbuzi ikwere. Nditawerenga m'kalasi, ana anagwira mpweya pamalo amenewo, ena kubisa nkhope m'manja.

Asanaike mtundu uliwonse anakwera minibasi kubwera kuno, ndipo anatha tsiku lonse cha ku Mtayamoyo, pamene anthu amawolokera, akuyang'ana mabwato. Ndinamufunsa kuti, "Mwana wanga, mesa bwato umalidziwa kale?" Anayankha kuti kudziwa bwato n'kwina, kudziwa mmene munthu amapindira msana akamapalasa molimbana ndi madzi n'kwinanso. Zotsatira zake zili m'bukumo. Madzi osefukira si obiriwira ngati thambo, ndi ofiirira ngati tiyi wa mkaka, atanyamula mapesi a mapira ndi zidebe. Agogo a m'nkhanimo ali ndi nyika m'lichero, zimene anthu a m'mphepete mwa dambo amavuula njala ikavuta. Ine sindinalembe za nyika. Anaziika yekha, ndipo mayi wina wa ku Makhanga ataona tsamba limenelo anakhala chete nthawi yaitali. Ngakhale kutentha kwa kuno anakugwira: dzuwa la masana loyererako, mithunzi ifupiifupi, ana atakhala pansi pa mtengo wa masau mapazi ali mbuu.

Zofooka ziliponso, ndipo sindizibisa chifukwa wina adzaika ndalama zake. Choyamba ndi nthawi. Tinagwirizana miyezi iwiri, ntchito inatenga pafupifupi isanu. Magetsi amazima, ndikudziwa, komanso munthu wodzilemba yekha ntchito sangakane chikwangwani cha golosale pamene kunyumba kulibe ufa. Chimene chinandiwawa ndi kukhala duu. Masabata awiri athunthu uthenga wa pa WhatsApp osayankhidwa, ine ana ndawalonjeza kale. Akanangonena kuti amayi ndatanganidwa, ndikanamvetsa. Chachiwiri, nkhope za akuluakulu zimafanana. Ana amawajambula aliyense ndi khalidwe lake, koma abambo atatu a pa tsamba la ku msasa wa anthu othawa madzi akuoneka ngati obadwa m'mimba imodzi.

Vuto lalikulu tinakumana nalo ku makina osindikizira ku Blantyre. Zithunzi zimene zinkawala pa kompyuta zinatuluka zakuda papepala, makamaka tsamba la usiku, moti mbuzi inkangooneka maso okha. Osindikiza anatifotokozera kuti galasi la kompyuta limapanga mitundu ndi kuwala, pamene makina amasakaniza inki zinayi zimene amazitcha CMYK, ndiye chithunzi chiyenera kukonzedwera zimenezo. Anafunanso kuti chithunzi chilichonse chipitirire m'mphepete ndi mamilimita 3, kuti mpeni wodulira mapepala usadye chinthu chofunika kapena kusiya mzere woyera. Mnyamatayu anali asanasiye malowo, ndipo pa tsamba loyesera khutu la mbuzi linaduka. Zinanditengera maulendo awiri okwera chitunda cha ku Thabwa. Komabe ndimuyamikire: sanakankhire mlandu kwa wina, anakonza masamba onse osawonjezera tambala, ndipo ulendo wachiwiri anapita nane kuti amve yekha zimene osindikiza amafuna.

Za malipiro, zithunzi 14 ndi chikuto zinandidyera ndalama yofanana ndi mbuzi zitatu zazikulu pa msika wa kuno. Ndinalipira katatu kudzera pa foni: poyamba, zojambula za pensulo zitavomerezedwa, ndi pomaliza. Kwa mphunzitsi ndi ndalama yambiri. Koma ndikawerenga masiku amene anakhala pa chithunzi chimodzi cha bwato, ndimaona kuti amene anachepekedwa ndi iye. Anandilola kusintha kawiri pa chithunzi chilichonse chikadali cha pensulo. Akaika mitundu, kusintha kumakhala kovuta, choncho nenani zonse zakukhosi pensulo isanafufutidwe.

Chimene tonse awiri tinachedwa nacho ndi kalata ya mgwirizano. Buku litatuluka, anthu ena anapempha chithunzi cha mtsikana ndi mbuzi kuti achiike pa chikwangwani chochenjeza za madzi osefukira. Funso linabwera: chithunzicho n'chayani? Ine ndinalipira, iye anajambula. Kulipira ntchito sikutanthauza nthawi zonse kuti umwini wonse wasamukira kwa wolipira, zimatengera zimene mwagwirizana. Dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limaona nkhani zotere. Ife tinakhala pansi, aphunzitsi aakulu ali mboni, n'kulemba tsamba limodzi: buku ndingasindikize kangati konse, koma chithunzi chikafunika kwina, afunsidwe iye ndipo alandirepo gawo. Tinalembanso kuti dzina lake likhale pachikuto ndi zilembo zofanana kukula ndi za dzina langa. Pamenepa sindinavutike mtima, chifukwa mwana wa Sitandade 1 amene sanadziwe kuwerenga, nkhani amaimva kuchokera kwa iye, osati kwa ine.

Kodi ndingamutumizire mlembi wina? Eya, makamaka amene nkhani yake ndi ya ku Chikwawa kapena Nsanje, ndipo sakuthamangira tsiku. Amene ali ndi tsiku loikika la opereka thandizo, alembe masiku papepala ndipo asiyepo mwezi wapadera.

M'kalasi mwanga muli kamnyamata kamene sikanalankhulepo za masiku a ku msasa. Tsiku lina pa nthawi yopuma ndinakapeza katatsegula tsamba la bwato, kakuyendetsa chala pa nkhafi. Kanati, "Madamu, agogo anga amagwira chonchi." Kenako kanayamba kundiuza za usiku umene anawoloka, ndani anali kutsogolo, nkhuku zinaikidwa pati. Buku lachiwiri ndi la mwana wothandiza kutola thonje ku Ngabu, ndipo mnyamata uja ali nalo kale. Zojambula za pensulo ndikuziyembekezera thonje lisanayambe kuyera m'minda.