Ndemanga: Lesitilanti ya halaal pafupi ndi Pratunam ku Bangkok, nyenyezi 4 mwa 5

Anzanga Asilamu okapikula zovala ku Pratunam, musadzizunzenso ndi buledi ndi nthochi za m'sitolo poopa nkhumba. Mukatsata msewu wa Phetchaburi mpaka kanjira ka Soi 7, pamene pali mzikiti wa Darul Aman, mupeza timalo tambiri todyera ta Asilamu a komweko. Ndemanga iyi ndi ya lesitilanti imodzi yaing'ono ya m'deralo, yomwe amayendetsa ndi banja, ndipo ndinkadyako pafupifupi masana alionse.

Chimene chinandikopa choyamba ndi chizindikiro cha halaal pakhomo, chija amapereka a Central Islamic Council of Thailand. Ku Thailand izi si zosewera nazo. Kumalo odyera wamba kungonena kuti "musaikemo nkhumba" sikukwanira, chifukwa msuzi wa zakudya zawo nthawi zambiri amauwiritsa ndi mafupa a nkhumba, mafuta okazingira atha kukhala a nkhumba, ndipo chiwaya ndi chomwecho cha aliyense. Palinso chakudya chotchuka chotchedwa kuay teow ruea chomwe amathiramo magazi kuti msuzi ulimbe. Ngakhale nkhuku yooneka yosalakwa, simudziwa ngati inazingidwa. Pamalo pano nyama yonse ndi yozinga, mowa sagulitsa, ndipo mayi ophika amavala hijabu, ndiye munthu umadya mtima uli m'malo.

Khao mok gai ndiye mfumu ya pamenepa. Ndi mpunga wachikasu wophikira limodzi ndi nkhuku ndi zonunkhiritsa, pamwamba awaza anyezi wokazinga, pambali nkhaka ndi msuzi wobiriwira wotsekemera ndi wowawasa pang'ono. Amene munadyako biriyani kwa amwenye ku Limbe muuzindikira, kungoti uwu ulibe mafuta ambiri ndipo sulemera m'mimba. Nkhuku inali yofewa yosiyana yokha ndi fupa. Mbale imodzi sinkafika ma baht 100 (ndalama za ku Thailand), ndipo ukhuta bwinobwino, ngakhale ife ozolowera nsima tikhoza kupempha mpunga wowonjezera.

Massaman yawo ya ng'ombe nayonso ndi yosaiwalika. Ndiwo zimenezi zili ndi mizu yake pakati pa Asilamu, n'chifukwa chake zimanunkhira sinamoni ndi zina zimene simuzimva m'zakudya zina za ku Thailand. Amaphika ndi mkaka wa kokonati, mbatatesi ndi mtedza wathunthu, tsabola wake ndi wochepa, moti ngakhale mwana atha kudya. Kwa ine shuga anachulukako. Anthu a kumeneko amakonda kuthira shuga m'ndiwo, ndipo lilime la munthu wakwathu limatenga nthawi kuti livomereze.

Supu ya mchira wa ng'ombe ndi nkhani ina. Imakoma zedi, ya mandimu ndi anyezi wokazinga, koma tsabola wake ndi wa nkhondo. Ndinapempha kuti achepetse, anavomera ndi mutu akumwetulira, koma mbale inabwera ndi moto womwewo mpaka thukuta kamukamu. Apa ndi pamene ndawachotsera nyenyezi imodzi, pamodzi ndi vuto la chilankhulo: mndandanda wa zakudya uli m'Chithai, Chingerezi amangomva pang'ono, ndiye zambiri timagwirizana poloza zithunzi pakhoma. Roti mataba, chipati chokulungamo nyama yogaya, chinali chabwino chikangochoka pamoto, chikazizira chimalimba.

Dziwaninso kuti amaphika kamodzi m'mawa. Mukachedwa ndi kutsatsa mitengo ku msika wa zovala wa Platinum mpaka dzuwa kupendeka, khao mok mupeza itatha. Lachisanu ikatha swala ya Juma malo amadzaza mpaka ena kudya chiimire, ndipo mipando ndi yapulasitiki, kozizira kulibe kupatula mafani. Bwino kufika nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Ubwino wake mzikiti uli pafupi, ukhoza kupanga udhu, kuswali Dhuhr, kenako n'kudya osathamanga.

Asilamu ku Thailand ndi ochepa poyerekeza ndi Abuda, ndipo ambiri ali m'zigawo za kummwera monga Pattani, Yala ndi Narathiwat, koma mu Bangkok muli madera awo akalekale. Tsiku lina mwamuna wa mayi ophikawo ananditchulira Ramkhamhaeng ndi dera la mzikiti wa Haroon ku Bang Rak kuti nakonso chakudya cha halaal si chosowa, ndipo ku Bang Rak ndinakatsimikiza ndekha. Koma kwa munthu amene wagona ku Pratunam ndi mitolo ya katundu, malo ano ndiwo apafupi oyenda wapansi. Tengani ndalama zapamanja, chifukwa khadi salandira.