Ndakweza sola ya kanyumba ka ku Mpemba, shopu ya ku Limbe ija ndikuipatsa 4 pa 5

Dzina la shopu sinditchula poti sanandilipire kuti ndiwaitanire malonda, koma ili ku Limbe ndipo maganizo anga ndi awa: ntchito amaidziwa anyamata aja, katundu ndi weniweni, mtengo ndi woluma, ndipo mukangomaliza kulipira foni yawo imayamba kulira osayankhidwa.

Kanyumba kake ndi ka zipinda ziwiri ka kumunda, chakumtunda kwa Mpemba, mapolo a magetsi ali kutali ndithu. Sola yomwe inalipo inali panelo imodzi ya 150W, kontrola ya PWM (kabokosi kolowetsa moto wa panelo mu batire), batire la gel la 100Ah ndi ka invata (kosandutsa moto wa batire kukhala wa m'masoketi) ka 500W kaja kamene kamaliritsa fani ngati ikudwala. Pa mababu, kutchaja mafoni ndi TV zinkatheka bwinobwino, vuto linabwera pomwe tinafuna filiji yosungiramo katemera wa nkhuku ndi ndiwo, nanga katemerayu mungamusiye pawindo?

Chomwe ndawakondera choyamba ndi ichi. M'mashopu ambiri mu Limbe funso loyamba limakhala "bwana muli ndi zingati", kenako akupatsani batire lina kuti mukangolumikiza pa lakalelo basi. Awawa achimwene a pakauntala anatulutsa pepala nkuyamba kulemba chilichonse chomwe timayatsa, ma watts ake ndi maola ake pa tsiku, mpaka kundituma kuti ndiimbire mnyamata wa kumunda ajambule ka sitika ka kumbuyo kwa filiji. Masamu ake ndi osavuta mukaaona: 100Ah kuchulukitsa ndi 12V ndi 1200Wh, ndiwo moto wonse wosungidwa mu batire, koma batire la gel kapena la asidi mukamalitsitsa kupyola theka limafa msanga, ndiye zanu zenizeni ndi 600Wh basi, zomwe ka filiji kakang'ono kakhoza kumaliza kokha pa tsiku lotentha la mu October. Zowonjezera batire latsopano pa lakale anakaniratu, akuti lakalelo limakokera latsopano pansi ndipo pakatha miyezi ingapo onse awiri amakhala okalamba. Atakana kundigulitsa chinthu chomwe ndinali wokonzeka kulipira mpomwe ndinayamba kuwamvera.

Zomwe anaika: mapanelo awiri a 550W, invata ya hybrid ya 24V, 3kVA, pure sine wave, yokhala ndi kontrola ya MPPT mkati momwemo m'malo mwa PWM ija, ndi batire la lithium la LiFePO4 la 25.6V 100Ah. Limeneli ndi 2560Wh ndipo mutha kudya mpaka 80% kapena kupitirira pang'ono osaliwononga, kutanthauza kuti moto wa usiku wachuluka kupitirira katatu. Za 24V zi anthu ambiri amaziona ngati njira yongokwezera bilu koma ayi, chinthu cha 1000W pa 12V chimakoka ma amps oposa 80, pa 24V ndi theka lake, ndiye mawaya satentha komanso moto sutayika panjira. Mawaya akale aja anawachotsa onse, anali owonda kwambiri, ena a sipika enieni olumikiza ndi seloteyipi. PWM nayonso sikanatha ndi mapanelo akuluakuluwa chifukwa imagwetsera voteji ya panelo pa ya batire, yotsalayo nkungotayika, pomwe MPPT imaisandutsa ma amps olowa mu batire.

Pa denga mpomwe anandisangalatsa zedi. Panelo yakale inangogonekedwa pa malata kutsata momwe denga lapendekera, kuyang'ana kummwera. Ife kuno ku Blantyre tili kummwera kwa equator, ndiye miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo mapanelo ayenera kuyang'ana kumpoto. Anawotcherera fulemu ya zitsulo yopendeka pang'ono, cha m'ma digiri 15 mpaka 20, pansi pake nkusiya mpata woti mphepo izidutsa poti panelo ikatentha kwambiri mphamvu imatsika. Mabawuti anawawotcherera mitu chifukwa cha anzathu oyenda usiku aja, ndipo fulemuyo anaimangirira ku mitengo ya denga osati pa malata okha, aliyense amene anaona namondwe wa Freddy mu March 2023 safunsanso chifukwa chake.

Mayeso enieni a sola kuno si October, ndi chiperoni cha June ndi July, kuja kumachita mdima masiku angapo otsatizana kamvula kakungowaza. Sola yakale nthawi imeneyo TV inkazima nkhani za 8 koloko zisanathe. Yatsopanoyi yadutsamo filiji osazima, ngakhale batire linkatsika ndithu ndipo silinkadzadza masana. Ndiye amene akukuuzani kuti panelo imodzi ikukwanirani poti Malawi ndi dziko la dzuwa, mufunseni ngati anagonapo ku Chigumula kapena ku Bvumbwe mu July. Ayini timasita masana dzuwa lili pamutu, ketulo chimodzimodzi, hotplate yokha ndiye iwalani, mbaula ikadali pantchito.

Tsopano zonyansa zake. Kotesheni yoyamba inalibe breka ya DC, fyuzi ya pa batire, surge protector ngakhale earth rod (zotetezera zida ku moto wochuluka ndi ziphaliwali), zonsezi zinatulukira tsiku loika ngati "zina ndi zina" pamodzi ndi transipoti yopita ku Mpemba. Ndi zinthu zofunika, ndi ziphaliwali za nthawi ya dzinja zija simungasiye invata yodula chonchi ili maliseche, koma bwanji osazilemba poyamba munthu nkudziwiratu kuti thumba libooka pati? Koteshenonso imagwira masiku ochepa okha, akuti chifukwa cha dola, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 nyimbo ndi imeneyi paliponse, ndiye pamenepo sindiwada kwambiri.

Chachiwiri, invata yaikulu chonchi imadya moto payokha ngakhale palibe chomwe mwayatsa, usiku wonse ikungotafuna batire, ndipo izi sanandiuze. Kwa kanyumba kakang'ono ngati kathu mwina yocheperapo ikanakwana, ndikuganiza anandipatsa yomwe inali pa shelefu. Fani yakenso imapanga phokoso, musalole aiike kuchipinda chogona, ife tinachita kuwauza aisamutsire pa khonde la mkati.

Chachitatu ndi chomwe chawalanda nyenyezi yachisanu. Mvula yoyamba, bowo limodzi la pa malata pomwe panadutsa bawuti linayamba kudontha, dontho lake kugwera pafupi ndi batire penipeni. Kuimba foni, "tikubwera mawa bwana", mawa lake osafika, WhatsApp ma tick awiri a buluu koma zii. Anabwera nditachita kupita ndekha ku shopu nkukaima pakauntala makasitomala ena akumva. Kukonza kwake mphindi zochepa chabe, silikoni ndi washa, zaulere, koma mtima unali utawawa kale.

Waranti nayo chenjerani. Pakamwa amanena zaka 5 pa batire, pa risiti panalibe chilichonse mpaka ndinakakamira kuti alembe pamodzi ndi serial number ndi chidindo. Pepala lawo la chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndinalipempha ndipo anandionetsa osanyinyirika, inunso muzifunsa zimenezi musanakweze munthu pa denga lanu, amisiri a sola achuluka mtauni muno ena anaphunzirira pa YouTube dzulodzuloli.

Zakale zija sanataye, anandilangiza kuti panelo ya 150W, ka PWM ndi batire la gel zikhale pazokha, ndiye pano zikuyatsa mababu a 12V ku khola la nkhuku ndi kutchaja foni ya alonda. Kusakaniza panelo yaing'ono ndi zazikulu pa mzere umodzi akuti yaing'onoyo imachepetsa zinzake zonse. Kupukuta mapanelo ndi kwanu, fumbi la September ndi October limatsitsa moto moonekeratu pa sikirini, madzi ndi kansalu kofewa m'mamawa galasi lisanatenthe, osati sopo wa ufa.

Ka WiFi dongle koonera batire pa foni ndili ku Chilomoni ndinalipira tsiku lomwelo, mpaka lero akuti kali m'njira kuchokera ku Joni.