IBM Model M ya 1989: ndemanga yanga patatha miyezi isanu ndi iwiri

Kiyibodi imeneyi ndinaipeza ku Limbe, pa benchi ya bambo wina wogulitsa zotsalira za makompyuta, mawaya ndi machaja atasakanikirana m'katoni imodzi. Inali mbuu ndi fumbi. Nditainyamula ndinadabwa kulemera kwake, makilogalamu awiri n'kupitirirako pang'ono. Bambowo anati, "Achimwene, imeneyo ndi yamakedzana, tengani yopepukayi." Ine ndinaitembenuza n'kuwerenga kapepala ka kumbuyo: nambala 1391406, chaka 1989, yopangidwa ku United Kingdom. Makiyibodi amenewa a IBM ankawapangira ku Greenock ku Scotland, dziko lomwe kuli Blantyre winayo amene mzinda wathu unatengerako dzina. Ndinanenerera pang'ono pochitira mwambo chabe, mtima unali utagula kale.

Ntchito yanga ndi yotaipa malipoti ndi makalata tsiku lonse, ndiye nkhani yaikulu kwa ine ndi mmene zala zimamvera. Pansi pa batani lililonse pali kasipuling'i koimirira. Ukamadina kamayamba kalimbalimba, kenaka kamapindika mwadzidzidzi n'kumenya m'mbali kuti kha! Nthawi yomweyo kanyundo ka pansi pake kamagunda, chilembo n'kutuluka pa sikirini. Chala, khutu ndi diso zimavomerezana pamodzi. Sufunika kukankha batani mpaka pansi kuti utsimikize kuti chalembedwa, umangodziwa. Sabata yoyamba zala zinkatopa chifukwa mabataniwa ndi olimbirapo kuposa a laputopu, koma pano ndikabwerera pa kiyibodi ya ku ofesi ndimamva ngati ndikubaya chala mu nsima ya dzulo. Mnzanga wina ali ndi yamakono ya maswichi (tizipangizo ta pansi pa mabatani) a mtundu wa Cherry MX a buluu, nayonso imalira, koma kulira kwake n'kopyapyala. Iyi imalira ngati makina otaipira amene amayi anga anaphunzirirapo, ndi kakulira kena ka chitsulo kotsalira m'mbuyo.

Kulirako ndiye vuto loyamba. Nyumba yathu ku Chilomoni ilibe siling'i, ndipo mayi a kunyumba anandiuza mosapsatira kuti ikakwana 9 koloko usiku, "chigayo chanucho chitsekedwe, bambo." Sindinatsutse. Mvula ikamagwa pa malata m'pamene ndimataipa mwaufulu.

Vuto lachiwiri ndi waya. Pulagi yake ndi yozungulira ija ya PS/2, imene makompyuta ambiri a masiku ano alibe. Ndinagula kachipangizo kotchipa kosinthira ku USB, kanakana. Kachiwirinso chimodzimodzi. Kamene kanagwira ntchito ndi kokhala ndi kabokosi pakati pa waya, kamene kamamasulira uthenga wa PS/2 kukhala wa USB, osati kongolumikiza mawaya basi. Pogula muziyesera pomwepo musanalipire. Dziwaninso kuti ilibe batani la Windows, popeza inapangidwa lisanabwere, ndipo anyamata a magemu isawanyenge: ukadina mabatani angapo nthawi imodzi, ena sawerengedwa.

Kutsuka kokha kunandisangalatsa. Mabatani ambiri ali ndi tizipewa tovuka, ndinatiniika m'beseni la madzi a sopo n'kutiyanika pa mphasa. Zilembo zili bwinobwino ngati zalembedwa dzulo, chifukwa utoto wake unalowerera mu pulasitiki, si wongopaka pamwamba. Musanagule yanu, igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva tinthu tikuti wayawaya m'kati, ndi timitu ta pulasitiki togwiriza chitsulo cha m'kati tathothoka. Tikathothoka tambiri mabatani ena amafooka, ndipo kukonza kwake n'kuboola n'kumanga ndi timabawuti. Yanga munali tiwiri tokha, ikugwirabe bwino.

Tsopano za kugulitsanso, poti ambiri ndi zimene amandifunsa. N'zoona kuti kunja anthu amatolera makiyibodi amenewa, ndipo pa msika wa pa intaneti wa eBay amagulitsidwa ndi madola. Ofunidwa kwambiri ndi Model F, mkulu wake wa 1981, ndi Model M yaifupi yopanda manambala a kumbali. Koma Model M wamba ngati yangayi inapangidwa yochuluka zedi, ndiponso kampani ya Unicomp ku Kentucky ikupangabe zatsopano kuyambira 1996, choncho si chinthu chosowa. Uikepo mtengo wotumizira katundu wa makilogalamu awiri kuchoka kuno mpaka ku Ulaya, phindu lonse lathera m'njira. Kuno nako ndinayesa kuionetsa pa gulu lina la malonda la pa WhatsApp, kungofuna kuona. Amene anayankha anali awiri: wina anafunsa ngati imayaka magetsi amitundumitundu, winayo anatchula ndalama yosakwana n'kachipangizo ka USB kaja. Amene akuganiza zotolera makiyibodi akale ngati bizinesi mu Blantyre muno, bola akaode tomato.

Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha phokoso ndi chintchito chosaka kachipangizo koyenera. Loweruka likubwerali ndibwereranso ku Limbe, chifukwa pansi pa katoni ija ndinaona ngodya ya kiyibodi ina yolembedwa Dell, ndipo ndikukayikira kuti ndi ya maswichi akale aja a kampani ya Alps.