Miyezi 9 ndikuyendetsa MG Cyberster GT, nazi zimene ndaona

Anthu angapo akhala akundifunsa za galimoto yamagetsi ija, MG Cyberster GT, ndinaika chithunzi chake chaka chatha, ena kufunsa bwinobwino, ena kungoti ase, ndalama zonsezo kukaponya pa galimoto ya ku China? Ndiye ndati ndilembe kamodzi aliyense awerenge yekha. Ndakhala nayo miyezi 9, ndimakhala kufupi ndi Sheffield kuno ku UK, ndipo ndinene pompano kuti sindinagule kashi ayi, ndinaitenga kudzera ku ntchito amadula pa salale mwezi ndi mwezi, ndiye musayambe kunditumizira mabajeti a chinkhoswe chonde.

Woyamba kuimba foni anali malume ku Blantyre. Akuti mphwanga, MG si ya Angerezi kodi, iweyo ukuti ya ku China bwanji? Malumewo sanalakwe kwenikweni. MG inayambira ku Oxford m'ma 1920, koma kampani ya MG Rover inagwa mu 2005, dzinalo linagulidwa ndi Nanjing Automobile, kenako mu 2007 zonse zinalowa m'manja mwa SAIC ya ku Shanghai. Maonekedwe a Cyberster anajambulidwa ku situdiyo yawo ya ku London koma galimotoyo imapangidwa ku China. Inayamba kugulitsidwa kuno mu 2024, ndipo ndi MG yoyamba ya mipando iwiri yotsegula denga kuchokera pomwe MG TF inasiya kupangidwa mu 2011. Azigogo achizungu amandiimitsa pa shopu kundiuza za MGB yawo ya kale, mpaka nthawi zina ayisikilimu kusungunuka m'jumbo ndikumvera nkhani.

Ilipo mitundu iwiri. Trophy ili ndi mota imodzi kumbuyo, 250 kW, imafika 62 mph mu masekondi 5, imeneyo ndi 100 km pa ola kwa inu a kumudzi. Yanga ndi GT, mamota awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, matayala onse anayi amakoka, 375 kW omwe ndi ma horsepower pafupifupi 500, torque (mphamvu yozungulitsa matayala) 725 Nm, ndipo 62 mph yomweyo imafika mu masekondi 3.2. Manambalawa powerenga sapweteka. Tsiku loyamba ndinadina kabatani kofiira kali pa chiwongolero kaja, kolowetsa mu Super Sport, momwe galimoto imatulutsa mphamvu zake zonse, n'kuponda moto pa msewu wopanda anthu, amwene mutu unamenya kumpando, m'mimba munachita ngati chikepe chatsika mwadzidzidzi ndipo ndinaseka ndekha ngati wopenga. Mota yamagetsi siidikira kuti injini ikwere kaye kapena giya ilowe, mphamvu yonse imabwera pomwe waponda, ndipo palibe magiya osintha ndiye kukoka kwake sikuduka. Chodabwitsa n'chakuti zonsezi zikuchitika mwakachetechete. Anaikamo kaphokoso kochita kupanga kotuluka m'masipika, ine ndinakazimitsa sabata yoyamba, ndimakonda kumva mphepo ndi matayala.

Komatu liwiro lomaliza ndi cha m'ma 125 mph basi, magalimoto ambiri a petulo a mtengo umenewu amapitirira pamenepo. Ine sizindikhudza poti malire pa motorway ndi 70 ndipo makamera ali ponseponse, layisensi ndikuifunabe.

Tsono nkhani yeniyeni ya galimoto imeneyi ndi batire, chabwino chilichonse ndi chovuta chilichonse chikuchokera pamenepo. Ndi la 77 kWh, analiyala pansi pa galimoto pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo ngati mphasa, ndipo analipanga lopyapyala, masentimita 11 okha, kuti galimoto isatalike. Zimenezi zimapangitsa kuti kulemera konse kukhale pansi komanso kugawike bwino, theka kutsogolo theka kumbuyo, ndiye ukalowa pa khona galimoto sipendekera, imangomatirira msewu. Koma kulemerako kulipo ndithu, GT ndi makilogalamu 1,985, tingoti matani awiri. Mazda MX-5, galimoto ya petulo ya mipando iwiri imene anzanga amaiyerekeza nayo, imangopitirira pang'ono tani imodzi. Ndiye taganizani, kagalimoto ka anthu awiri kolemera ngati ma MX-5 awiri kuchotsako pang'ono.

Ndinazimva bwino zimenezi pa Snake Pass, msewu wa A57 wodutsa m'mapiri a Peak District kuchokera ku Sheffield kupita ku Glossop. Amene munatsikapo Khwekhwelele kupita ku Golomoti mukudziwa mtundu wa makhona ndikunenawu, kungoti kuno m'malo mwa mbuzi ndi nkhosa. Pa makhona aatali otambalala galimoto ndi mfumu, umalowa, umaponda potuluka, matayala a Pirelli P Zero aja amagwira, mota yakutsogolo imakukoka ndipo ngakhale kuli kamvula sumva mantha. Koma pomwe makhona athinana, kumanja kumanzere kumanja, kenako kabampu pakati, ndi pomwe umakumbuka kuti wanyamula matani awiri, thupi la galimoto limatenga kanthawi kuti likhazikike ndipo umadziwa wekha kuti apa ndichepetse. Sasipenshoni yake si yachibwana, ndipo pokonza kayendedwe kake anagwira ndi Marco Fainello amene anali injiniya wa Ferrari ku Formula 1. Kungoti anasankha kuti ikhale yofewerako, yoti uyende ulendo wautali msana osadandaula, osati yolimba ngati ya mpikisano. Poyamba ndinakhumudwa pang'ono chifukwa ndimayembekezera kagalimoto kodumphadumpha, koma patapita miyezi iwiri ndinavomereza kuti misewu ya kuno m'nyengo yozizira imakumbika nayonso, ndipo kufewako ndi kumene kumandipangitsa kuitenga tsiku lililonse osati Lamulungu lokha.

Mabuleki akutsogolo ndi a Brembo, amaimitsa bwino. Koma m'tauni sindiwagwiritsa ntchito kwambiri chifukwa ukangochotsa phazi mota imasanduka jenereta, imabweza magetsi ku batire uku ikuchepetsa liwiro, ndipo ukhoza kusintha mphamvu ya kubwezako. Potsika phiri umaona peresenti ya batire itaima kapena kukwerako pang'ono, zimandisangalatsa ngati mwana mpaka lero.

Batire lomwelo ndi limene limakukweza. Popeza lili pansi pa mpando, sukhala pansi penipeni ngati m'magalimoto ena othamanga, umakhala ngati uli pamwamba pa galimoto osati mkati mwake. Ine ndine wamtaliko ndiye denga likatsegulidwa mphepo imandipeza pamphumi. Ngati muli aatali kakhalenimo kaye musanasaine chilichonse.

Za mtunda. Pa pepala, batire likadzaza GT imayenda mamailosi 276, Trophy 316. M'chilimwe ndikamayenda mwaulemu ndimayandikirako, koma mu Januwale, hita ili yoyatsa, pa motorway, ndimawerengera cha m'ma 200 ndipo sindiyesa mwayi. Si vuto la galimoto iyi yokha, batire lililonse limadana ndi chisanu. Kunyumba ndili ndi tchaja ya 7 kW, ndimalumikiza madzulo pofika m'mawa yadzaza, ndipo magetsi a usiku ndi otchipa ndiye ndalama imene ndimathera pa petulo kale inatsika kwambiri. Panjira imalandira mpaka 144 kW, kuchoka pa 10 kufika 80 peresenti ndi mphindi pafupifupi 38, si yothamangitsitsa koma khofi ndi kutoileti nthawi yakwana. Chomwe chinandiwawa ndi tsiku lina ndikuchokera ku maliro a m'bale wathu ku Luton, ndafika pa malo ena otchajira usiku, matchaja awiri akufa, otsalawo pali mzere, ndinakhala ola lathunthu ndikungoyang'ana peresenti ya anthu ena. Galimoto inalibe mlandu koma tsiku limenelo petulo ndinamusowa.

Zitseko zija zotsegukira m'mwamba ngati mapiko, eya, n'zimene ana a sukulu amajambula. Zimayenda ndi magetsi, umadina batani n'kudikira, zili ndi masensa oti zikaona chinthu pafupi zimaima. Mwezi woyamba ndimadzimva ngati bwana, pano kukamagwa mvula ndimangoti tseguka msanga iwe. Pa malo oimika othina zimathandiza ndithu poti sizitambasukira m'mbali kwambiri. Denga ndi lansalu, limatseguka masekondi osapitirira 15 ngakhale ukuyenda pang'onopang'ono, ndipo kuyenda denga lotsegula popanda phokoso la injini, kumamva mbalame m'mbali mwa msewu, ndi chinthu chimene sindinachipezepo m'galimoto ina iliyonse. Mkati muli masikirini anayi, atatu kutsogolo kwa dalaivala ina pakati. Kwa ine achuluka, ndipo mmene ndimakhalira chiwongolero chimabisako mbali ya awiri a m'mphepete, ndiye mapu ndimachita kusuzumira. Masipika a Bose ali bwino.

Mtengo pomwe inatuluka unali £54,995 ya Trophy ndi £59,995 ya GT, walanti zaka 7 kapena mamailosi 80,000. Musasinthe mu makwacha, mungodwala mutu. Mpaka pano sindinapite ku galaja ndi vuto lililonse. Ndikanati ndisankhenso lero mwina ndikanatenga Trophy, ndi yopepukako ndi makilogalamu 100, imayenda mtunda wautali, ndipo masekondi 3.2 aja kunena zoona ndimawagwiritsa ntchito pongoopseza alendo. Kwa amene mumati za ku China ndi zosalimba, ine ndinakulira nawo mawu amenewo, tochi wogula lero mawa wafa, koma iyi ndi nkhani ina, chitseko chikatsekeka umamva kuti anthu anakhala pansi.

Wina anafunsa ngati ndingaitumize kumudzi. Ayi aise. Ndi yotsika kwambiri, bampu yoyamba ya pa Zalewa ndingasiye bampala pomwepo, ndipo ndikaganiza zodikira magetsi kuti ndipite ku Limbe mtima umagunda.

Madam sanaikonde kuyambira tsiku loyamba, akuti galimoto yanji yoti ana awiri atsale pakhomo, ndipo apa ndilibe poyankha. Buti ndi malita 249, kutsogolo kulibe malo oika katundu, zikwama ziwiri zofewa basi yadzaza. Malume aja akubwera mwezi wamawa kudzaona adzukulu, anena kale kuti mphwanga udzanditenge pa Manchester ndi ya mapiko ija. Sindinawauze kuti ndi masutikesi awo aja odzaza ufa, chambo chouma ndi Nali, ndidzapita ndi ya madam.