Nyenyezi 3 pa 5: mmisiri wamkulu ntchito ya ziboda amaidziwa, koma musalole kuti atumize wophunzira yekha

Ndemanga iyi ndi ya amisiri ena owenga ziboda ndi kukhoma nsapato za akavalo, amene amazungulira m'mafamu ang'onoang'ono ndi galimoto ya ng'anjo kumbuyo. Mtengo wawo ndi wokwera, ndipo ya mafuta amalipiritsa payokha pa kavalo aliyense, ngakhale akavalo onsewo ali m'khola limodzi. Pa mtengo umenewo umayembekezera kuti afika eni ntchito. Ulendo uno anatumiza mnyamata wawo wophunzira, yekhayekha, osatiuza n'komwe. Kavalo wathu wamkazi wa zaka 7, amene anaphunzitsidwa miyezi 4 kukonzekera chionetsero, tsiku la chionetserolo linamupeza mwendo uli m'ndowa.

Zinayamba kuipa pafoni. Nsapato zatsopano zimayenera kukhomedwa kutatsala masiku 7 mpaka 10 kuti chionetsero chichitike, kuti kavalo azizolowere komanso kuti msomali wolakwika, ngati ulipo, udziulule nthawi ikadalipo. Tsiku limene tinagwirizana linali lotero ndithu. Mayi amene amayankha mafoni awo analisuntha kawiri, kachiwiriko ndi uthenga wa usiku, mpaka linadzagwa kutatsala masiku 4. Kuwakumbutsa kuopsa kwake, yankho linali lakuti nsapato ndi ntchito ya ola limodzi basi, ngati kuti tikukamba za matayala a galimoto.

Mnyamatayo ulemu anali nawo, pamenepo sindimunamizira. Koma sanapemphe kuti kavalo ayendetsedwe kaye. Mmisiri wodziwa amayamba waima patali n'kuona mmene mwendo uliwonse ukuterera pa nthaka yolimba, ngati ukuyamba ndi chidendene kapena nsonga, mbali yamkati kapena yakunja, kenako amayang'ana mbali imene nsapato yakale yadyeka. Iye anangozula zakalezo n'kuziponya m'galimoto, mpeni uli kale m'manja. Pansi pa chiboda pamachotsedwa zouma zokha zimene zikusendeka ngati choko. Iye anapala mpaka panayera mbee, pokongola m'maso, koma pofewa moti ukadina ndi chala chachikulu pankabonyoka. Kavalo wopalidwa chotero amamva kamwala kalikonse.

Nsapato zimene anabweretsa zinali zochepa ndi saizi imodzi. Ng'anjo sanayatse. Anazipinda pang'ono zili zozizira n'kuzikhoma, ndipo khoma la chiboda limene linatsala likusefukira kunja analidya ndi tupa kuti lilingane ndi chitsulo. Apa ndiye anatembenuza ntchito, chifukwa nsapato ndi imene imasulidwa kutsatira chiboda. Kupala khoma kunja kumalichepetsa pamalo pomwe misomali imagwira, ndipo chiboda chimakula mamilimita 6 mpaka 10 okha pamwezi. Masentimita 3 a khoma lopalidwa pa mphindi ziwiri amatenga miyezi 3 mpaka 5 kuti atsike n'kuwengedwa. Kuchidendene nakonso chitsulo chinali chachifupi, chosasiya kampata koti chiboda chitambasuke kavalo akaponda. Nsapato yotere, chiboda chikamakula, imalowa m'kati n'kuyamba kudina pangodya yofewa ya chidendene.

Zonsezi zikanapiririka. Chimene chinatipha ndi msomali wachinayi, mbali yamkati ya mwendo wakutsogolo wakumanzere.

Mukatembenuza chiboda chowengedwa mumaona mzere wotuwa umene umalekanitsa khoma ndi pansi pa chiboda, uja amautcha mzere woyera. Msomali umalowa pamzerewo, nsonga yake yosongoledwa mbali imodzi n'kuukhotetsera kunja, n'kutulukira pakhoma pafupifupi masentimita 2 pamwamba pa nsapato. Kupitirira mzerewo cha m'kati muli mnofu wamoyo, wa magazi ndi minyewa. Khoma la mbali yamkati limakhala lopyapyala kuposa lakunja, ndipo limanka lipyapyala ukamayandikira chidendene, n'chifukwa chake amisiri ambiri sakhoma kupitirira pamene chiboda chatambalala kwambiri. Nsapato ikakhala ndi mabowo 8, si kuti onse adzazidwe. Misomali 6 imakwana. Tsono popeza nsapato iyi inali yaing'ono, mabowo ake anagwera kupitirira mzere uja cha m'kati. Mnyamatayo anadzaza onse 8. Pokhoma wachinayi kavalo anadzidzimuka n'kukoka mwendo, ndipo msomaliwo unatulukira pamwamba kwambiri kuposa anzake, cha m'ma sentimita 3 ndi theka. Zizindikiro ziwirizi zikakumana, lamulo lake ndi lodziwika: zula pomwepo, thira ayodini m'bowomo, usakhomemonso, ndipo muuze mwini kavalo. Iye anati ndi ntchentche zamuluma, n'kupinda nsonga ya msomali, n'kusalaza ndi tupa.

Tsiku loyamba kavalo ankangoyenda mosamala pamiyala, zomwe tinaganiza kuti ndi kupala kuja. Madzulo a tsiku lachiwiri anayamba kuima atatambasulira mwendowo kutsogolo. Kumuthamangitsa pang'ono pa nthaka yolimba, mutu unkadzuka nthawi iliyonse mwendo wakumanzere ukaponda. M'mawa wa tsiku lachitatu sankauponda n'komwe. Munthu wosadziwa akanati wathyoka fupa, koma chithupsa cha m'chiboda chimawawa choncho chifukwa mafinya amakhala otsekeredwa m'khoma losatambasuka. Chibodacho chinali chotentha poyerekeza ndi chinzake, ndipo mtsempha wa kumbuyo kwa mfundo ya pamwamba pa chiboda, umene nthawi zonse umavuta kuumva, unkagunda mwamphamvu pansi pa zala. Kutentha kwa thupi kunali madigiri 38.1, komwe ndi kwabwinobwino, kusonyeza kuti vuto linali la m'chiboda momwemo.

Foni kwa mayi aja. Asanaone kavalo, asanafunse ngakhale mwendo wake, anagamula kuti waponda mwala. Kenako anapereka malangizo amene mpaka lero amandiwiritsa mtima: timupatse mankhwala opha ululu, tipite naye kuchionetsero, adzationa sabata yamawa. Mankhwala ngati phenylbutazone saloledwa mwa kavalo amene akupikisana pansi pa malamulo a FEI, bungwe la dziko lonse loyang'anira mipikisano ya akavalo, ndipo amapezekabe poyeza kwa masiku pafupifupi 7. Ngakhale pamene malamulo ali ofewerapo, kubisa ululu wa chiboda cha mafinya n'kumuthamangitsa kumakankhira mafinyawo m'mwamba, mpaka aphulikire pamzere wa ubweya pamwamba pa chiboda. Bala la pamenepo limasiya mng'alu umene umatsika ndi khoma kwa miyezi 9 mpaka 12. Munthu woyankha mafoni a amisiri a ziboda asamatulutse mawu otere pakamwa.

Dokotala wa ziweto ndi amene anatsimikizira. Anapana chiboda mozungulira ndi chopanira choyezera ululu, ndipo kavalo analumpha atafika pamsomali wachinayi pokha. Anazula misomali umodziumodzi, osati kungokanula nsapato yonse, kuti aone uliwonse. Isanu ndi iwiri inatuluka youma. Wachinayi unatuluka wonyowa, wakuda, wonunkha. Anatsegula kabowo kakang'ono potsatira njira ya msomaliwo, mafinya otuwa n'kutuluka, ndipo pasanathe maola angapo kavalo anayamba kuponda. Kenako inali ntchito yodziwika ija: kuviika chiboda m'madzi ofunda a mchere wa Epsom mphindi 15 mpaka 20, kawiri patsiku, kwa masiku 3 okha chifukwa kupitirira pamenepo khoma limafewa, kumanga mankhwala okoka mafinya ndi thonje ndi bandeji, tepi yolimba pansi kuti isabooke, kusintha tsiku lililonse, khola louma. Jakisoni wa kafumbata anabayanso, poti bala la msomali ndi khomo lenileni la matendawa ndipo akavalo sachedwa kugwidwa nawo.

Ndikanalemba tsiku limenelo ndikanapereka nyenyezi imodzi.

Koma mwini ntchito, abambo achikulire, atamva nkhaniyi kwa dokotala (osati kwa ofesi yawo, imene sinawauze), anafika m'mawa mwake osaitanidwa. Anapempha nsapato ndi misomali imene inazulidwa, n'kuisanjika pachiboda, n'kuona okha pamene mabowo anagwera. Sanazungulire. Anavomera kuti saizi inali yolakwika, kuti msomali unalowa m'kati, komanso kuti mnyamatayo anali asanafike potumidwa yekha. Tsiku lomwelo anazula nsapato zitatu zotsalazo n'kukhoma zina, ndipo patapita masiku 8, bowo litauma, anabweranso kudzamaliza mwendo wovulalawo. Maulendo awiri onsewa sanalipiritse, ngakhale ya mafuta ija.

Kuwaona akugwira ntchito ndi pamene umamvetsa chifukwa chake anthu amapirira mtengo wawo. Anayendetsa kavalo kupita ndi kubwera, n'kumuyang'ananso cham'mbali kuti aone ngati kutsogolo kwa chiboda kukupendekera mofanana ndi fupa la pamwamba pake, mzere umodzi wosathyoka. Nsapato anaitentha mpaka kufiira, n'kuisula kutsatira chiboda, n'kuigunditsa pachiboda masekondi owerengeka kuti chipsera chionetse pamene sipanafanane. Kwa amene amaopa utsi umene umatuluka pamenepo, khoma lilibe minyewa, kavalo samva kanthu bola chitsulo chisakhalitse. Ndipo poti pansi panali popalidwa kale, iwo anangokhudzitsa pang'ono kwambiri. Pamwendo wovulalawo anakhoma misomali 5, kulumpha malo a bowo lakale, n'kukoka timilomo tiwiri tachitsulo m'mbali kuti tithandize kugwira pamene khoma linapalidwa. Pakati pa nsapato ndi chiboda anaika chikopa chotchinjiriza pansi pofewa paja. Kuchidendene chitsulo chinatuluka pang'ono, ngati milimita imodzi kapena awiri, monga mmene ziyenera kukhalira. Nsonga za misomali zinapanga mzere wowongoka, ndipo ukayendetsapo dzanja supeza chokanda.

Chinandifewetsa kwambiri ndi chimene sanaitaniridwe. Podutsa anaona mwana wa kavalo wa masabata 5 ndipo anati mwendo wake wakutsogolo ukukhotera m'kati kuyambira pamfundo ya pamwamba pa chiboda. Kukhota kwa pamfundo imeneyi kumakonzeka mwana akadali wamng'ono, chifukwa fupa la pamenepo limakula mofulumira m'miyezi 2 kapena 3 yoyamba yokha; ukachedwa, mwendo umauma chokhota. Anapala mamilimita ngati 2 mbali yamkati ya chiboda, mbali imene inali yotalika, n'kunena kuti zibwerezedwe pakatha masabata awiri aliwonse ndipo dokotala aonenso. Pofika ulendo wachitatu mwendowo unali utawongoka moonekeratu. Kagwiridwe kawo ka ana nakonso ndi phunziro: amaimika mwana pafupi ndi mayi wake, kunyamula mwendo motsika osaukokera kumbali, kuubweza pansi asanayambe kulimbana, n'kuunyamulanso. Kavalo wina wa chaka chimodzi amene ankaponya mateche aliyense akagwira mwendo wakumbuyo anaima phee pa ulendo wachiwiri, popanda chingwe cha pamlomo. Anapezanso kuola kwakuda konunkha m'mingalande ya m'mbali mwa kanyama kofewa ka pakati pa chiboda mwa kavalo wofula, n'kudula zofutukazo kuti mpweya uzilowa. Mnyamata uja anali atanyamula chiboda chomwecho osaonapo kanthu.

Ndiye nyenyezi zitatu. Ndalama yolembetsera chionetsero inapita, ya dokotala inatuluka m'thumba mwathu, ndipo titafunsa ngati angathandizeko theka, abambowo anatitumiza kwa mayi aja, amene mpaka pano akuti akuyang'ana. Kupepesa kwawo sitinakumve. Pa mnyamatayo mtima wanga watsika, poti wolakwa weniweni ndi amene anamupatsa makiyi a galimoto ndi bokosi la nsapato za saizi imodzi.

Ngati mukuwaitana, funsani pafoni kuti abwera ndani, ndipo yankho likhale la uthenga wolembedwa. Akasuntha tsiku n'kulifikitsa pafupi ndi chionetsero, kanani. Nsapato zakale za masabata 6 zimene zikugwirabe zikhoza kungomangitsidwa nsonga za misomali n'kudikira. Musachoke pakhola pamene akukhoma, ndipo kavalo akakoka mwendo pamsomali, nenani kuti uzulidwe muuone. Musanalipire, yang'anani ngati nsonga zonse zili pamzere umodzi, ngati khoma silinapalidwe kupitirira pansi pa nsongazo, kenako muthamangitseni pang'ono pa nthaka yolimba mmisiri akuona. Kwa masiku 5 otsatira gwirani ziboda zonse zinayi m'mawa uliwonse kuyerekeza kutentha, ndi kumva mtsempha uja.

Kavalo wamkazi uja anabwerera kumaphunziro patapita masabata 3, kuyamba ndi kuyenda mphindi 20 pa nthaka yofewa. Ulendo wotsatira wa ziboda tinapangana ndi abambowo pamaso, pakatha masabata 5 m'malo mwa 6 chifukwa cha khoma lopalidwa lija. Dzulo kwabwera uthenga wa mayi aja wofunsa ngati tingasunthe tsikulo.