Lamba wa SAM Pelvic Sling II: amagwira bwino ntchito yake, koma sachiza fupa

Kwa ife ogwira ntchito m'chipinda cholandirira ovulala, munthu amene wagundidwa ali pa njinga yamoto ya kabaza kapena wagwa kuchokera padenga amatidetsa nkhawa kwambiri akamadandaula m'chiuno, chifukwa mafupa a pamenepo akatseguka, magazi ochuluka amatayikira m'kati osaoneka. Lamba uyu, wopangidwa ndi kampani ya SAM Medical ya ku America, ntchito yake ndi kufinya mafupawo kuti abwerere pamodzi ndipo magazi achepe kutayika.

Chimene ndimamuyamikira kwambiri ndi chomangira chake, chimene chimalira n'kuima chokha mphamvu yokoka ikafika pa manyutoni pafupifupi 150 (mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 15). Tikamamanga chiuno ndi nsalu ya pabedi, imene ambirife tinaphunzirira, aliyense amakoka mmene dzanja lake lamuuzira, ndipo mfundo imamasuka ambulansi ikamadumpha m'maenje. Lambayu samasuka, komanso wodwala amatha kujambulidwa X-ray ali chivalire. Koma ayenera kudutsa pa mafupa otumphuka a m'mbali, pamene ntchafu zayambira, osati pamene pamakhala lamba wa thalauza. Akaikidwa m'mwamba, ndalama zonsezo zapita pachabe.

Pomwe ndimachenjeza anzanga ndi pa fupa la sacrum, limene limalumikiza msana ndi chiuno. Fupali likathyoka mbali zonse ziwiri komanso chopingasa, msana umalekana ndi chiuno, ndipo lamba sangabweze zimenezo. Choipiranso n'chakuti X-ray wamba kawirikawiri saonetsa kuthyokaku, popeza mpweya wa m'matumbo umaphimba fupalo, ndipo lamba womangidwa bwino amatha kubisa mpata umene unatseguka kutsogolo kwa mafupa a m'chiuno. Wodwala amene akulephera kukodza, kapena wachita dzanzi pakati pa miyendo ndi kumatako, ayenera kutumizidwa msanga kumene kuli makina a CT, ojambula m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane, ndi madokotala a mafupa, monga ku chipatala cha mafupa cha LION ku Lilongwe, chifukwa mitsempha yoyendetsa chikhodzodzo ndi matumbo imadutsa m'fupa lomweli. Nthawi zambiri chithandizo chake ndi opaleshoni yomanga msana ku mafupa a m'chiuno ndi zitsulo.

Lambayu sayenera kupitirira maola 24 ali pathupi, chifukwa amayambitsa zilonda. Mtengo wake ndi wolemetsa chipatala chaching'ono, choncho ndikanakhala wogula katundu, ndikanayamba kuika m'ambulansi iliyonse yonyamula ovulala mtunda wautali, ndipo m'mawodi nsalu yopindidwa bwino ikanapitiriza kutithandiza.